Tifunseni Zaumoyo: msomali watsopano, nyemba za pamaliro ndi banja lija la a Clostridium

Mwezi uno makalata abwera ambiri ndithu, ena papepala ena pa WhatsApp, ndipo nditawayala patebulo kuno ku Chitakale, panja chiperoni chili mbuu phiri osaoneka, ndinaona kuti angapo akufunsa za banja limodzi la tizilombo, lotchedwa Clostridium, ngakhale eni akewo sakudziwana nkomwe. Wina msomali, wina nyemba za pamaliro, wina thole lake lomwe lafa usiku umodzi. Ndiye ndati ndingowayankha pamodzi basi. Amene munafunsa za shuga ndi BP pepani, tionana mwezi wamawa.

FUNSO: Amuna anga amadulira tiyi ku esiteti. Sabata yatha anaponda msomali kuseri kwa khola la mbuzi, koma unali watsopano wonyezimira, wotsala pomwe timakhoma malata. Apongozi akuti palibe vuto poti kafumbata amabwera ndi dzimbiri. Kabala kake nkakang'ono ndipo katseka kale. Tipitebe kuchipatala? Ndine mayi wa ku Makwasa, Thyolo.

YANKHO: Pitani amayi, lero lomwe, musadikirenso tsiku la malipiro. Apongozi anu ndikuwalemekeza koma apa aphonya. Dzimbiri palokha silidwalitsa kafumbata, limangotiuza kuti chitsulocho chakhalitsa panja mudothi. Wolakwa weniweni ndi kachilombo kotchedwa Clostridium tetani, ndipo kwawo ndi mudothi ndi mu ndowe za ziweto, ndiye kuseri kwa khola la mbuzi komwe mukunenako ndi kumudzi kwawo kwenikweni. Msomali, watsopano kaya wakale, ntchito yake ndi kungokatengera mkati mwa phazi. Olo munga wa mtengo, chitsotso cha nandolo, kapena chikwanje chodulira tiyi chija, zonse zimatha kuchita zomwezo.

Mawu oti kabala katseka ndi amene andidetsa nkhawa kwambiri. Banja lonse la Clostridium lili ndi khalidwe limodzi, silikula bwino pomwe pali mpweya wa okosijeni. Kachilomboka kakaona kuti zinthu sizili bwino kamadzikulunga nkukhala ngati kanjere kouma, a sayansi amati spore, ndipo kanjereko kamatha kugona mudothi zaka ndi zaka, dzuwa likuomba mvula ikugwa, osafa. Pa maikulosikopu ka tetani kamaoneka ngati kamtengo ka machesi, mutu wozungulirawo ndiye kanjere kaja. Tsono kakalowa pa bala lakuya lopapatiza, pamwamba nkutseka, mkatimo mpweya mulibe, basi kamadzuka nkuyamba kupanga poizoni. Bala lalikulu lotseguka lomwe latuluka magazi nkutsukidwa bwino ndi sopo nthawi zina limaposa kabowo ka msomali pa chitetezo.

Matendawa amaoneka pakatha masiku 3 mpaka 21, kawirikawiri cha m'ma 8 umu. Amayamba ndi nsagwada kuuma, munthu kulephera kuyasamula kapena kumeza, kenako khosi, msana, mimba gwa ngati thabwa. Ine ndili wachinyamata ndikuphunzira ntchito ndinasamalirako bambo wina wotere pa chipatala china, sindidzaiwala. Tinamuika kachipinda kayekha, pawindo tinakhomapo bulangete kuti mukhale mdima, olowa ankavula nsapato. Tsiku lina gadiyani anagwetsa supuni pasimenti, kungoti ngwee, bamboyo anapindika msana ngati uta, mutu ndi zidendene zokha ndi zomwe zinatsala pamatilesi, manja atafumbata, mano ali gwa ngati akuseka. Ndipo nzeru zake zinali bwinobwino, amamva chilichonse. Dzina loti kafumbata makolo sanalipeke mwangozi.

Zomwe zimachitika nzoti poizoniyo amayenda mumitsempha mpaka ku msana nkukadula uthenga womwe umauza minofu kuti pumula. Zili ngati wa kabaza akutsetsereka ndi katundu buleki nkuduka. Kachilomboka anakalekanitsa koyamba mu labu ndi Kitasato Shibasaburo wa ku Japan mu 1889 akugwira ntchito ku Berlin, ndipo mu 1890 iye ndi Emil von Behring anaonetsa kuti m'magazi mutha kupangika choletsa poizoniyo. Katemera yemwe tikubaya lero anachokera pa maziko amenewo.

Tengani buku lawo la kuchipatala mupite nalo. Kuno kwathu ana amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14, amayi mumaonjezera ku sikelo mukakhala oyembekezera, koma azibambo ambiri chibayireni ali makanda sanaonjezereponso, pomwe ndi omwe akugwira makasu ndi zikwanje tsiku ndi tsiku. Amene anavulala m'matope nthawi ya Freddy mu Malichi 2023 akukumbuka mmene mabala ankalowera dothi. Ndipo kafumbata sapatsirana, komanso olo munthu adwale nkuchira thupi silikhala lotetezedwa, amayenera kubayidwabe.

Poti ndinu mayi ndionjezere ichi, pa mchombo wa khanda osaikapo phulusa, dothi, ndowe kapena madzi a zitsamba olo anganga akakamize bwanji. WHO imati mu 1988 makanda pafupifupi 787,000 anamwalira ndi kafumbata padziko lonse, pofika 2018 chiwerengero chinatsika kufika cha m'ma 25,000, chifukwa cha katemera wa amayi ndi kudula mchombo ndi chida choyera.

FUNSO: Kwathu kunali maliro, tinaphika nyemba ndi nyama ya mbuzi usiku m'miphika ikuluikulu kuti mmawa tisavutike. Anthu anadya masana titachoka kumanda. Pofika mbandakucha mudzi wonse unali pa mzere wa kuchimbudzi. Pano akunena kuti mlamu wanga yemwe ankayang'anira kukhitchini anathira mankhwala, nkhani yafika kwa amfumu. Chakudya chinapsa bwinobwino, nanga chinavuta nchiyani? Ndine bambo wa ku Nkando, Mulanje.

YANKHO: Bambo, mlamu wanuyo musiyeni apume, ndipo ngati nkotheka amfumu muwawerengere yankho lino. Mmene mwafotokozeramu zikufanana kwambiri ndi ntchito za mbale wake wa kafumbata uja, dzina lake Clostridium perfringens. Ameneyu ali ponseponse, mudothi, pa nyama yaiwisi, m'matumbo mwa ziweto ngakhale mwa ife tomwe.

Mukuti chakudya chinapsa, ndikuvomera. Koma moto umapha tizilombo tamaso, tinjere togona tija timapulumuka, ndipotu kutenthako kumakhala ngati kwatigwedeza kuti dzukani. Kuwira kumathamangitsanso mpweya mumphika. Ndiye taganizani chimphika cha nyemba chofika m'chiuno, chaphulidwa 11 koloko usiku, chavundikiridwa nkuikidwa pakona. Pamwamba pazizira koma pakati pamakhala pofunda mpaka mmawa, ndipo kufunda kwa madigiri 43 mpaka 47 ndi komwe perfringens amakondwa nako, amatha kuchulukana kawiri pa mphindi 10 zilizonse olo kuchepera. Werengani nokha, kuchokera pakati pausiku mpaka anthu kubwera kumanda. Ndipo ndiwo sizisintha fungo kapena kukoma ayi, anthu amadya nkumayamikira ophika.

Chizindikiro chake ndi nthawi. Mimba imayamba kupota pakatha maola 6 mpaka 24, kutsegula kwa madzimadzi, koma kusanza ndi kutentha thupi sikuchitika kawirikawiri, ndipo ambiri pakatha tsiku limodzi amakhala ali bho. Achikhala kuti munthu anathira mankhwala a mbozi kapena a makoswe aja, anthu akanayamba kugwa pompo ali pamphasa, dovu ndi thukuta zili chuu, osati kudikira tambala. Thanzi ORS ndi madzi ambiri zimakwana, koma okalamba ndi ana muwayang'anitsitse. Ndipo mukaona chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga, munthu nkumafooka msanga maso kulowa, imeneyo ndi nkhani ina, thamangani poti kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbuka.

Ulendo wina mphika uzikhala pa makala ukutokota pang'onopang'ono usiku wonse, kapena mugawe ndiwo m'mabeseni osaya kuti zizizire msanga, ndipo mmawa muziwiritse mpaka zibwate pakati pomwe, osati kungofunditsa. Chakudya chophika chisakhale chofunda kupitirira maola awiri. Ndikudziwa pamaliro nkhuni zimavuta, koma anyamata a kumanda aja mukawapempha amatola.

Kachilombo komweka kali ndi mitundu yake mkati. Ku mapiri a Papua New Guinea kunali nthenda yotchedwa pigbel, ana ankaola matumbo akadya nkhumba yambiri pa phwando. Anapeza kuti anawo masiku onse ankadya mbatata yokhayokha popanda zomanga thupi, ndiye thupi linalibe mphamvu yoswa poizoni wa perfringens wa mtundu C. Musataye mbatata yanu chifukwa cha ine, vuto linali njala ya nyama ya miyezi yambiri kenako kudya mopyola tsiku limodzi. Perfringens yemweyu akalowa pa bala lophwanyika amaoletsa mnofu nkumatulutsa mpweya pansi pa khungu, ndi uja anadulitsa miyendo asilikali ambiri pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anamulongosola koyamba ndi William Welch ndi George Nuttall ku Baltimore mu 1892.

FUNSO: Ife ndi gulu la amayi, timapanga jamu wa nanazi nkumagulitsa m'mabotolo. Tsopano tikufuna tiyambe kusunga nandolo wamuwisi wophika ndi nsomba m'mabotolo momwemo kuti tizigulitsa nthawi yosowa. Tiziwiritsa mabotolo maola angati? Komanso timagulitsa uchi, wina anatiuza kuti ndi woipa kwa ana, zoona? Ndife amayi a ku Likhubula.

YANKHO: Amayi anga, jamuyo pitirizani ndipo munditumizireko botolo limodzi kkkk. Koma za nandolo ndi nsombazo imani kaye, palibe maola omwe ndingakupatseni. Olo mutawiritsa kuchokera mmawa mpaka dzuwa kupendeka sindingakusainireni.

Chifukwa chake ndi Clostridium botulinum, yemwe poizoni wake ndi woopsa kuposa poizoni wina aliyense wodziwika. Botolo lotseka bwino ndi nyumba yomwe amailota, mpweya mulibe, chakudya chilimo, ndipo anzake opikisana nawo mwamuphera kale ndi moto wanu. Tinjere take kuti tife pamafunika madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 3, ndipo madzi a mupoto wamba sapitirira 100, kuno kumapiri amawira asanafike nkomwe pa 100 paja. Kutentha kwa 121 kumapezeka m'mapoto otseka ndi mphamvu ya nthunzi ngati a ku fakitale. Nanga jamu bwanji sakuvuta? Nanazi ndi wowawasa, ndipo botulinum sakula pomwe muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH wafika pansi pa 4.6, kuonjezera apo shuga wambiri uja amamumana madzi. Nandolo, nyemba, kalongonda, nsomba, nyama, zonsezi sizowawasa. Tomato ali pamalire, ndi chifukwa odziwa amathiramo mandimu. Nandolo wanuyo ingoumitsani monga mwa kale, botulinum sakula mu chakudya chouma ngati mfutso.

Mbiri yake ikukhudzanso maliro, bambo a ku Nkando mumve. Mu Disembala 1895 m'mudzi wa Ellezelles ku Belgium, oimba bandi ataimba pa maliro anakadya nyama ya nkhumba yosungidwa mumchere. Ambiri anadwala, atatu anamwalira. Emile van Ermengem wa ku Ghent anapima nyamayo nkupeza kachilomboka. Dzinalo likuchokera ku liwu la Chilatini botulus, kutanthauza soseji, poti kale ku Germany anthu ankafa akadya masoseji osungidwa molakwika.

Chodabwitsa nchoti botulinum ndi tetani ndi pachibale, poizoni wawo amapangidwa mofanana ndipo onse amaluma mitsempha, koma zotsatira zake nzotembenuka. Tetani uja amadula buleki, botulinum amadula tcheni, wopalasa amapalasa koma njinga osayenda. Pakatha maola 12 mpaka 36 munthu amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kugwa, mawu kulemera ngati waledzera, kumeza kukanika, kufooka kumatsika kuchokera kumutu mpaka kukafika pa minofu yopumira. Thupi silitentha. Mukaona zotere anthu awiri atatu omwe anadya limodzi, musataye nthawi. Chitini chotupa cha mugolosale, olo achitsitse mtengo bwanji, chisiyeni ndipo osalawa kuti muone ngati chili bwino. Mwayi womwe ulipo ngwoti poizoniyo payekha amaonongeka ndi moto, kubwatitsa chakudya mphindi 10 musanadye kumamuswa.

Za uchi, amene anakuuzaniyo sananame koma anasiyira panjira. Uchi ndi wabwino kwa akulu ndi ana opitirira chaka chimodzi. Khanda losakwana chaka ndi lomwe siliyenera kulawa olo kadontho, poti mu uchi mumatha kupezeka tinjere tija, ndipo matumbo a khanda alibe tizilombo tokwanira tolonda pakhomo, ndiye timamera mmenemo nkupanga poizoni. Mwana amayamba kudzimbidwa, kuyamwa mofooka, kulira kwa pansipansi, khosi lendee. Lembani pa lebulo panu kuti osapatsa mwana wosakwana chaka, makasitomala adzakukhulupirirani kwambiri.

FUNSO: Thole langa la miyezi 14, lonenepa kuposa onse m'khola, madzulo linayamba kutsimphina mwendo wakumbuyo, mmawa ndinalipeza lafa. Ntchafu inali yotupa, ukaidina imalira ngati ukufinya jumbo. Anzanga akuti ndi njoka, ena akuti ndi anthu ansanje. Nyama tinagawana. Komanso nkhuku zinayi zafa makosi ali lende, kodi ndi chitopa? Ndine mlimi wa ng'ombe za mkaka ku Bvumbwe.

YANKHO: Pepani achimwene, thole la msinkhu umenewo ndi ndalama komanso ndi mkaka wa chaka chamawa. Ine si wa vetenale ndiye alangizi a ziweto a kwanuko muwaitane ndithu, koma kulira kwa jumbo komwe mwanenako nkovuta kukusokoneza ndi china. Azungu amati blackleg kapena black quarter, ndipo mwini wake ndi Clostridium chauvoei. Chomwe chimalira pansi pa chikopacho ndi mpweya womwe tizilombo tikutulutsa tikamadya mnofu. Amene munasenda munaona nokha, ndikhulupirira nyama ya pantchafupo inali yakuda, youma ngati siponji, fungo lake ngati batala woonongeka.

Nthendayi ili ndi nkhanza yake, imasankha ng'ombe yonenepa yomwe ikukula bwino, makamaka ya miyezi 6 mpaka zaka ziwiri, nchifukwa chake anthu amathamangira kunena za nsanje. Ng'ombe imameza tinjere ndi udzu kapena dothi, timakabisala mu mnofu nkugona phee, tsiku lomwe yagundidwa kapena kuterereka m'khola magazi nkuchepa pamalopo, timadzuka. Imafa pasanathe masiku awiri. Katemera alipo ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa thole, funsani ku bulking group kwanu kuti mubayitse pamodzi chaka ndi chaka.

Pomwe ndikukudzudzulani ndi pa kugawana nyama. Posenda mwamwaza tinjere pabwalo lonse, ndipo tinjereto tidzadikira matole a ana anu. Choopsa china nchoti ng'ombe yofa mwadzidzidzi itha kukhala ya anthrax, yomwe imapha ndi anthu omwe. Anthrax si wa banja la Clostridium, ndi wa Bacillus, ndipo iye amapanga tinjere take akakumana ndi mpweya, ndiye kutumbula mtembo nkumuthandiza. Ng'ombe yofa yokha iotchedwe kapena ikwiriridwe mozama agalu asafukule.

Nkhukuzo, ndifunse, kodi sizinatolatole mphutsi pomwe munataya matumbo a thole lija? Chitopa chimapotokola khosi, nkhuku nkumayang'ana kumwamba kapena kuzungulira, chitosi chobiriwira, ndipo chimasesa mudzi wonse. Koma khosi longoti lende ngati chingwe, mapiko ndi miyendo kufooka, nthenga kuzuka mosavuta, kawirikawiri ndi botulinum yemwe uja wa amayi a ku Likhubula. Amakula mu nyama yoola, mphutsi zimamwa poizoni koma izo osafa, nkhuku ikatola zingapo basi. Ng'ombenso zimadwala zomwezi zikatafuna mafupa a nyama zakufa. Ku South Africa ankati lamsiekte, ndipo dokotala wa ziweto Arnold Theiler cha m'ma 1920 ndi amene anaonetsa kuti ng'ombe zimatafuna mafupa chifukwa chosowa fosifolasi mu udzu. Ndiye mchere wonyambita uja musaumire, ndipo amene mumadyetsa ng'ombe zitosi za nkhuku za m'khola samalani, nkhuku imodzi yofera mmenemo ikhoza kukugwetserani khola.

FUNSO: Ndili Fomu 4. Mu Biology taphunzira kuti Clostridium ndi anaerobic bacteria. Funso langa ndi loti ngati mpweya umawapha, amakhala bwanji mudothi la m'munda lomwe timalima nkulitembenuza? Ndipo kodi onse ndi oipa? Bwanji a sayansi osangowatha onse? Ndine mtsikana wa ku Luchenza.

YANKHO: Iwe ndiye wafunsa funso lomwe ndimalidikira, ndipo gawo loyamba ukanatha kuliyankha wekha utawerenga pamwambapa, ndi tinjere tija. Koma palinso china. Tenga chibuma cha dothi lonyowa uchiswe. Kunja kwake mpweya ulipo, koma tizilombo tina tokonda mpweya timaumaliza usanafike pakati, ndiye mkati mwa kachibuma kochepa ngati njere ya chimanga mutha kukhala mopanda okosijeni. Matope akuda a kudimba omwe amanunkha ukapondamo, pansi pa dzenje la manyowa, m'chifu cha ng'ombe, m'matumbo mwako momwe, monsemo ndi midzi yawo. Komanso sikuti onse amaopa mpweya mofanana, perfringens amaupirira pang'ono, pomwe ena monga novyi kungowaonetsa kunja afa.

Tsono zowatha onsezo, ayi mwanawe, tingalire. Mitundu yomwe yapatsidwapo dzina la Clostridium ndi yoposa 200, ndipo yodwalitsa anthu ndi ziweto ndi yochepa chabe pa gululo. Zili ngati mudzi womwe watchuka ndi akuba atatu pomwe ena onse ndi alimi. Ambiri ntchito yawo ndi kuoletsa mapesi, masamba ndi zakufa kuti zibwerere kudothi.

Woyamba kuwaona akugwira ntchito anali Louis Pasteur mu 1861. Anaika kadontho pa galasi nkuona kuti tizilombo ta m'mphepete, komwe mpweya umafika, tasiya kuyenda, pomwe ta pakati tikuyendabe. Anthu nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti chamoyo chilichonse chimafuna mpweya, ndiye inali nkhani yaikulu. Dzina loti Clostridium linakhazikika ndi Adam Prazmowski mu 1880, kuchokera ku liwu la Chigiriki la kamtengo kopotera ulusi kotupa pakati, poti ndi mmene kachilombo kamaonekera kanjere kakakhala m'mimba mwake. Mtundu womwe anaulongosolawo ndi butyricum, umapanga asidi wonunkha ngati batala woola, koma asidi yemweyo ndi chakudya cha khungu la mkati mwa matumbo athu, moti ku Japan anthu amagula butyricum ngati mankhwala a m'mimba.

Pali pasteurianum yemwe Sergei Winogradsky anamupeza m'zaka za m'ma 1890, amatenga nayitirojeni wa mumlengalenga nkumusandutsa chakudya cha dothi, payekha osadalira mizu ya nyemba. Ukamalemba za nitrogen cycle pa MSCE umutchule, oyika malikisi adzadabwa. Ndiye pali acetobutylicum yemwe ine ndimamukonda chifukwa cha mbiri yake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Britain inasowa acetone wopangira onga wa zipolopolo. Chaim Weizmann, katswiri wa kemisitile ku Manchester, anali ndi kachilombo kameneka komwe kamadya phala la chimanga nkutulutsa acetone ndi butanol, ndipo anamanga nako mafakitale. Chimanga chitavuta mu 1917 mpaka ana asukulu ankatumidwa kukatola mbewu za mitengo kuti ayesere. Weizmann yemweyo mu 1949 anakhala pulezidenti woyamba wa Israel. Ku Germiston ku South Africa fakitale yotere inagwira ntchito mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndipo amene ali ndi biogas ya ndowe pakhomo, gawo loyamba loswa ndowezo muli a Clostridium ambiri, kenako tizilombo ta mtundu wina nkumalizitsa kupanga gasi.

Chinsinsi chomwe buku lako mwina silinanene nchoti banjali linakula chifukwa cha kalembera wosasankha. Kale kachilombo kalikonse kooneka ngati kandodo, kopanga tinjere, kodana ndi mpweya, ankangokalemba kuti Clostridium, ngati mmene alendo onse ofika pa esiteti ankalembedwera mtundu umodzi. Atayamba kupima DNA anapeza kuti ambiri si pachibale nkomwe. Mu 1994 katswiri wina dzina lake Collins ndi anzake anawagawa m'magulu 19, ndipo kuchokera apo akhala akusamutsidwa mmodzimmodzi. Botulinum yekha ndi magulu angapo osiyana omwe anangofanana poizoni, ndipo poizoniyo ali ndi mitundu yolembedwa A mpaka G.

Wosamutsidwa wotchuka ndi difficile, yemwe kuyambira 2016 akutchedwa Clostridioides difficile. Anamupeza mu 1935 m'chimbudzi cha makanda athanzi bwinobwino, nkumutcha dzina limenelo poti ankavuta kumera mu labu, ndipo mpaka 1978 palibe ankamuganizira zoipa. Iyeyu amakhala phee m'matumbo anzake akamamupanikiza. Tsono munthu akamamwa maantibayotiki mwachisawawa, timakapisozi togula pa benchi pamsika chimfine chilichonse, alonda abwino aja amafa, difficile nkutenga bwalo lonse, kutsegula m'mimba kosatha ndi zilonda m'matumbo. Ndipo sanitaiza wa spiriti uja tinazolowera nthawi ya Covid satha kupha tinjere take, pamafunika sopo ndi madzi oyenda kuti tichoke m'manja, ndi klorini pansi. Ukawauze amayi ako kunyumba, ndipo mayeso ukhoze.

FUNSO: Achemwali anga ali ku Johannesburg akuti anabayitsa Botox pachipumi kuti makwinya athe, ndipo akuti ndi poizoni wa tizilombo. Akundinamiza eti? Ndine mnyamata wa ku Limbuli.

YANKHO: Sakukunamiza ayi, ndi poizoni wa botulinum wa mtundu A yemwe uja, wosefedwa nkuchepetsedwa kwambiri. Amafooketsa kamnofu komwe wabayidwako, khungu nkusalala, pakatha miyezi itatu kapena inayi mphamvu imatha makwinya nkubwerera, ndalama inanso. Ku America anamuvomereza mu 1989 osati chifukwa cha kukongola, koma pochiza maso opotoka ndi zikope zophethira zokha, ndipo mpaka pano madokotala amathandiza naye ana omwe minofu yawo inakungika. Achemwali akowo uwauze azipita kwa dokotala weniweni osati ku saluni ya kuseri, ndipo akamadzabwera pa Khisimisi usadabwe ukawauza nkhani yodzidzimutsa iwo chipumi chili phee.